M'dambo Mozimira Moto

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzimba amaliona phiri la Kasungu akadali kutali. Laima lokha pakati pa chidikha, ndipo ponse pozungulira pali minda ya fodya, zigafa ndi midzi. Pa msika wa pa Boma mumamva Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe, ndipo wogula safunsa wogulitsa kuti ndi wa mtundu wanji. Ana athu amayesa kuti zinthu zidakhala chomwechi chilengedwere dziko. Koma makolo athu sadagone tulo ngati timene tigona ife. Padali nthawi imene mayi popita kumadzi sankadziwa ngati abwerako, ndipo bambo ankalima uta uli pambali.

Funso loti tilisinkhesinkhe lero ndi ili: kodi nkhondo zimene zija zidatha bwanji? Adazimitsa moto ndani? Ambiri amayankha msanga kuti Azungu adabwera ndi mfuti zazikulu, nkhondo n'kutha. Yankho limeneli lili ndi choona chake, koma ndi loperewera. Mfuti ikhoza kuletsa anthu kumenyana, koma siingawaphunzitse kudyera mbale imodzi. Ntchito imeneyo adaigwira anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo maina awo sadalembedwe m'buku lililonse.

Masiku a malinga

Mu Novembala 1835, pa tsiku limene kudachita kadamsana, Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi pochokera kum'mwera, kumene nkhondo zidawasamutsa. Taonani, abale, kuti amene adadzetsa mantha kuno nawonso adali othawa nkhondo. Adayenda zaka zambiri mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero tikuti Tanzania, ndipo kumeneko Zwangendaba adamwalira. Ana ake adalimbirana ufumu, mtundu nugawikana. M'mbelwa adadzakhazikika kumpoto kwathu kuno, pakati pa Atumbuka, m'zaka za m'ma 1850. Mpezeni adakakhala kumadzulo, kumene lero kuli Chipata. Ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu kudadzakhala Angoni ena, a kwa Maseko, ndipo kum'mawa, ku Nkhotakota, kudali Jumbe, wamalonda a minyanga ndi akapolo. Motero dziko la Mwase lidali ngati nyumba ya udzu pakati pa tchire loyaka mbali zonse.

Pamene David Livingstone adafika kwa Mwase m'chaka cha 1863, atakwera kuchokera ku Nkhotakota, adapeza anthu akukhala m'midzi yozingidwa ndi malinga chifukwa choopa Angoni. Moyo wa m'linga udali wowawa. Minda idayenera kukhala pafupi, nthaka n'kuguga. Anthu ndi ziweto adathithikana malo amodzi, ndipo wotuluka kukafuna nkhuni ankatsazika ngati wopita ulendo wautali.

Mwase adaona kuti uta sungalimbane ndi chishango ndi nthungo ya Mngoni. Popeza dziko lake lidali ndi njovu zambiri, adagulitsa minyanga kwa amalonda a ku nyanja nalandira mfuti ndi wonga. Tisabisane: pamodzi ndi minyangayo padapitanso anthu. Ndi mfuti zimenezi Achewa adagonjetsa gulu la nkhondo la Angoni lotsogozedwa ndi nduna Nawambe, pa malo amene mpaka lero tiwatcha Nguru ya Nawambe, pamene malemu Dr. H. Kamuzu Banda adadzamangapo nyumba yawo. Atazilawa mfuti za Mwase, Angoni a M'mbelwa adaona kuti kuli bwino kupalana naye ubwenzi, ndipo mafumu awiriwo adapangana zoleka kuthirana nkhondo.

Pangano la mafumu ndi mtengo wake

Pangano limeneli lidapulumutsa miyoyo yambiri ku Kasungu, ndipo tisalinyoze. Anthu othawa kwina adapeza mpumulo m'tsinde mwa phiri. Koma tiyeni tione amene adalipira mtengo wake. M'zaka za m'ma 1870 mitundu imene Angoni adaigonjetsa idayamba kuukira. Atonga adathawira kwawo ku nyanja nalimbikira m'malinga awo. Atumbuka a Baza Dokowe adazingidwa pa phiri la Hora cha m'ma 1880, ambiri naphedwa pomwepo. Ahenga ndi Akamanga adaukira nawonso, ndipo pofuna kuthana nawo Angoni adaitana bwenzi lawo, mfuti za ku Kasungu nizikalira kumpoto. Otsala mwa Ahenga adathawira ku Karonga, kwa Angonde. Patapita zaka zowerengeka Mlozi, wamalonda a akapolo, adawagwiritsa ntchito pothira nkhondo Angonde omwe adawalandirawo.

Mwaona tsono mtundu wa mtendere umenewu. Mafumu awiri adaleka kumenyana, koma nkhondo yeniyeniyo idangosamuka. Zidali ngati munthu wochotsa moto pa denga lake nauponya pa denga la mnzake. Pangano lidamangidwa pa kuopana, ndipo anthu wamba a mbali zonse sadalowemo.

Pomaliza, mfuti zomwe zidateteza Mwase ndizo zidamuitanira mfuti zoposa. Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Mwase wa nthawi imeneyo, Chibisa, adakana kugonjera, ndipo adasunga Saidi Mwazungu, wamalonda wa ku Nkhotakota amene Boma linkamufunafuna. Kumapeto kwa Disembala 1895 asilikali otsogozedwa ndi Alfred Swann adathyola linga la Mwase, mfumuyo nidzipha posafuna kugwidwa. Pamalopo Angerezi adamanga linga lawo nalitcha Fort Alston. Mwezi womwewo Mlozi adanyongedwa ku Karonga. Mu Okutobala 1896 Inkosi Gomani adaphedwa ku Ntcheu. Kumayambiriro kwa 1898 midzi ya Mpezeni idatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zidalandidwa, ndipo mwana wake Nsingo adaomberedwa.

Tsono apa pali chodabwitsa. Angoni a M'mbelwa, amene ankaopedwa kuyambira ku nyanja mpaka ku Luangwa, sadagonjetsedwe ndi nkhondo ngati anzawo aja. Chidasiyanitsa n'chiyani?

Munthu wopanda mkondo

Pano ife Akatolika tiyenera kuvula chipewa pamaso pa abale athu a mishoni ya Livingstonia, pakuti ansembe athu adafika ku Mua, ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1902 ndi 1903, ntchito imene ndikuti ndinene itapita kale patali.

William Koyi adali Mxhosa wa ku South Africa, wophunzira pa sukulu ya Lovedale, amene adabwera kuno mu 1876 kudzathandiza mishoni. Sadali mbusa wodzozedwa ndipo sadali ndi maphunziro akuya. Pakati pa ife tikadamutcha mkatekisiti. Koma chilankhulo chake chidali chapachibale ndi Chingoni, ndipo ankadziwa ulemu wa pabwalo: pokhala, nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete. Mu 1882 adakhazikika pa Njuyu, m'dziko la M'mbelwa, pakati pa ankhondo amene ankapita kukafunkha nabwera ndi akapolo iye akuona. Kwa zaka zinayi mafumu adakaniza kutsekula sukulu. Munthu wina akadamanga katundu n'kubwerera kwawo. Koyi adakhala. Ntchito yake idali kukhala pansi ndi anthu, kumvetsera nkhani zawo, kumasulira maganizo a Azungu kwa Angoni ndi a Angoni kwa Azungu, ndi kuziziritsa mitima pamene mawu atentha. Adamwalira mu Juni 1886, chilolezo cha sukulu chitangoperekedwa kumene, zipatso za ntchito yake asanazione.

Chaka chotsatira, 1887, nduna zina zidafuna kuthira nkhondo Atonga a ku Bandawe. Dr. Robert Laws adakwera mapiri kudzakhala pabwalo la M'mbelwa, ndipo pamodzi ndi Dr. Walter Elmslie adakambirana ndi akuluakulu mpaka nkhondo ija idalephereka. Adamvedwa chifukwa njira idali italambulidwa kale. Mu 1890 adabatizidwa Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, Akhristu oyamba m'dzikomo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 sukulu zidali zitafalikira m'midzi, ndipo aphunzitsi ambiri adali ana a dziko lino. Ena mwa iwo adali Atonga, ana a anthu omwe dzulo lake ankasakidwa. Taganizani mwana wa Mngoni atakhala pansi, Mtonga ataima patsogolo pake akumuphunzitsa kuwerenga. Anyamata amene akadapita kukasambitsa mikondo m'magazi adayamba kunyamula mabuku, ndipo maimbidwe a Chingoni adavekedwa mawu atsopano otamanda Mulungu.

Mu Seputembala 1904 Bwanamkubwa Alfred Sharpe adafika ku Ekwendeni wopanda gulu la nkhondo. Angoni ochuluka adasonkhana ndi zishango ndi mikondo yawo, Inkosi Chimtunga, mwana wa M'mbelwa, ali pomwepo ndi mafumu anzake, ndipo womasulira mawu adali mphunzitsi wa mishoni. Adakambirana nagwirizana kuti dzikolo lilowe pansi pa Boma, ndi kuti apolisi akhale ochokera mwa Angoni eni ake. Dontho la magazi silidagwe.

Sindikunena kuti utsamunda udali wabwino, iyayi. Msonkho udabwera, ndipo mu 1915 Chimtunga yemweyo adachotsedwa pa mpando natumizidwa kum'mwera chifukwa chokaniza anthu ake kukakhala amtengatenga pa nkhondo ya Azungu. Kukambirana sikudachotse chisalungamo. Koma yerekezani Mzimba ndi kwa Mpezeni: uku midzi idatsala, ng'ombe zidatsala, amayi sadasanduke amasiye tsiku limodzi. Ndipo msonkhano wa tsiku limodzi wa ku Ekwendeni udatheka chifukwa cha zaka 22 za anthu ang'onoang'ono okhala pansi ndi anzawo.

Amayi adagonjetsa ogonjetsa

Komabe pali ena amene adagwira ntchito yoposa ya Koyi ndi aphunzitsi aja. Tafunsani kuti Angoni a ku Mzimba amalankhula chiyani pakhomo lero. Amalankhula Chitumbuka. A kwa Mpezeni amalankhula Chinsenga, ndipo a kwa Gomani amalankhula Chichewa. Ankhondo adapambana ndi mkondo, koma pa mtondo ndi pa mafuwa adapambana ndi amayi.

Tisaikometse nkhaniyi. Ambiri mwa amayiwo adalowa m'midzi ya Angoni akulira, atagwidwa kunkhondo, abale awo ataphedwa iwo akuona. Udali uchimo waukulu. Koma mwana wobadwa m'nyumba yotero adayamwa chilankhulo cha amake pamodzi ndi mkaka. Adamva nthano za kwawo kwa amake, adaphunzira maina a abale a amake, ndipo atakula adapeza kuti mudzi umene akuti akauthire nkhondo ndi kwa atsibweni ake. Mkondo umalemera m'dzanja la munthu wotere. Amayi amenewa adali ndi chifukwa chokwanira cholerera ana awo m'chidani, koma zimene adasiya ndi mtundu umodzi wa magazi awiri.

Pitani kumpoto kwa boma lathu lino, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, kumene Achewa, Atumbuka ndi Angoni adakumana malire. Mupeza banja limodzi likulankhula zilankhulo ziwiri, ndipo palibe wodabwa. Ukwati uliwonse wa mitundu iwiri udafuna kuti ankhoswe a uku ndi uku akhale pamphasa imodzi, akambirane za lobola kapena za chikamwini, wina alolere apa, wina alolere apo. Maliro aliwonse adafuna adzukulu ochokera kubanja lina. Mlandu uliwonse wa ng'ombe yodya m'munda udafuna mfumu, mboni ndi nkhuku ya chipepeso. Pa timabwalo ting'onoting'ono timeneti, chaka ndi chaka, ndi pomwe adani adasandukira achibale.

Abale athu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chokoma. Angoni ndi Abemba, amene makolo awo adamenyana, adasandutsa udani wawo kukhala chimbuya. Amanyozana mwanthabwala popanda wokwiya, ndipo pa maliro a Mngoni, Mbemba amabwera kudzagwira ntchito ndi kudzapaka anamfedwa ufa kumaso. Nkhondo yakale sadaiiwale. Adaipezera malo pamene siingalumenso munthu. Chimodzimodzi chishango cha Mngoni: chikadalipo, koma lero chimatuluka pa ingoma ya ukwati ndi pa zikondwerero za mpingo.

Umboni wa masiku athu

Wina anganene kuti izi ndi zakale, za nthawi ya mikondo. Tiyeni tsono tione kwa anansi athu a ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idayamba mu 1977, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'dziko lathu lino adapitirira miliyoni imodzi. Palibe mbali imene idapambana ndi mfuti. Amene adakhazika adaniwo pa tebulo adali gulu la Akhristu eni ake la Sant'Egidio ku Roma: Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Adayamba mu Julayi 1990, ndipo pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere.

Koma pepala la ku Roma silikadatha kuuza mayi wa ku Angónia choti achite pamene mnyamata amene adatentha nkhokwe yake wabwerera m'mudzi. Boma lidakhululukira onse ndi lamulo, ndipo ntchito yotsala idagwera midzi. M'madera ambiri akuluakulu a banja adalandira ankhondo obwerera ndi miyambo ya kutsuka: kuwasambitsa, kutentha zovala za kunkhondo, kenaka kudya nawo pamodzi. Mipingo idachita zake ndi mapemphero ndi kulapa. Mu 1995 Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya m'dzikolo, adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mtendere wa akuluakulu udagwedezeka pambuyo pake: kuyambira 2013 mfuti zidalirako, anthu ena adathawiranso ku Mwanza, mpaka pangano lina lidasainidwa mu 2019. Koma dziko lonse silidayakenso ngati kale, pakuti m'midzi yambiri anthu adali atayanjana kale.

Moto wa lero

Abale anga, pa chidikha chathu mikondo idatha, koma udzu wouma ulipo. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a makolo adasandutsidwa maesiteti a fodya, ndipo matenanti adabwera kuchokera ku zigawo zina, makamaka kum'mwera. Ana awo adabadwira kuno, adakwatira kuno, adaika makolo awo m'manda a kuno. Esiteti ikatsekedwa kapena kugulitsidwa, eni mudzi amati malowo adali a agogo awo, ana a matenanti amati alibe kwina kopita, ndipo mwini pepala amati lamulo lili mbali yake. Aliyense mwa atatuwa ali ndi choona chake. Nthawi ya chisankho ikafika, pamapezeka olankhula amene amatikumbutsa kuti uyu ndi wa kumpoto, uyo ndi wa kum'mwera. Nkhondo zazikulu zimayamba ndi mawu ngati amenewa, onenedwa pa mowa ndi pa chitsime, wopanda wowadzudzula.

Pakati pa 1973 ndi 1975 Ambuye Patrick Kalilombe adatsogolera sinodi ya dayosizi ya Lilongwe, imene idakhazikitsa miphakati ngati maziko a Eklezia. Mphakati ndi bwalo laling'ono longa aja tawatchula. M'menemo mumakhala mwini mudzi ndi mwana wa tenanti, Mchewa ndi Mlomwe, pa benchi limodzi. Ngati awiriwa akukangana za malire a munda, ndipo mphakati ukungoimba nyimbo ndi kusonkha za mtulo osaikhudza nkhaniyo, ndiye kuti waiwala ntchito yake. Ambuye Yesu adatilamula kuti tiyambe tayanjana ndi mbale wathu tisanapereke nsembe paguwa.

Inu akatekisiti, phunzirani kwa William Koyi. Dziwani chilankhulo ndi mwambo wa mbali zonse ziwiri. Pitani kunyumba ya aliyense payekha musanawaitanire pamodzi. Musadumphe mfumu ndi ankhoswe, pakuti bwalo ndi lawo, koma musalole kuti wosauka atsekedwe pakamwa, chifukwa chiyanjano chopanda chilungamo ndi pangano la Mwase lija, loponya moto pa denga la wina. Wolakwa avomere ndi pakamwa pake, abweze chimene angathe kubweza, ndipo zikatha onse adyere pamodzi anthu akuona. Musataye mtima ngati papita chaka osaona kanthu; Koyi adadikira zaka zinayi. Ndipo inu amayi ndi abambo, samalani zimene mumanena za mitundu ina pamene ana akumva, pakuti mbiri yatisonyeza kuti zimene mwana amamva pa mafuwa zimaposa zimene mafumu apangana pabwalo.

Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife a ku Kasungu madambo timawadziwa. Mu Okutobala moto umathamanga m'tchire, kudumpha misewu ndi kupsereza mitengo yaitali, koma ukafika pa dambo umazirala. Dambo ndi malo otsika, ndipo limazimitsa moto chifukwa lidasunga madzi m'miyezi imene kudalibe moto. Sabata ino, aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene adaleka kumupatsa moni, ndipo apite akagogode pakhomo pake dzuwa lisanalowe.

Mulungu, mwini mtendere, adalitse mabanja anu ndi midzi yanu.